Mwana wanga ali ndi mphumu, timvere ziti?

Wofunsa: Abale anga pagulu pano, ndithandizeni. Mwana wazaka 8 anamupeza ndi mphumu ndipo anatipatsa inhela ya buluu. Usiku akumatsokomola, chifuwa chikulira, makamaka kukazizira. Ena akuti inhela imazoloweretsa, ena akuti timumwetse zitsamba. Uphungu wodalirika tiupeze kuti? Nanga pakhomo tipewe chiyani?

Yankho 1: Mayi, inhela sizoloweretsa, musamumane. Ya buluuyo ndi salbutamol, imangotsegula njira za mpweya mwana akabanika, koma kutupa kwa m'katimo siichotsa. Ngati akuifuna kupitirira kawiri pa sabata, kapena chifuwa chikumudzutsa usiku, bwererani kuchipatala mukafunse za beclomethasone, imene kawirikawiri imakhala ya bulauni. Imeneyi amapuma tsiku ndi tsiku ngakhale akuoneka wathanzi, ndipo akatha achukuche m'kamwa n'kulavula kuti asachite zilonda zoyera.

Vuto lalikulu ndi kapoperedwe. Mukapopera m'kamwa mwachindunji, mankhwala ambiri amathera pakhosi. Tengani botolo lapulasitiki la 500ml, boolani pansi pake bowo loti inhela ilowe mothina. Khutchumulani inhela, mwana avumate kukamwa kwa botolo, poperani kamodzi, apume kasanu pang'onopang'ono, kenako mubwerezenso. Botololo litsukeni ndi sopo, liume lokha osalipukuta, chifukwa nsalu imachititsa kuti mankhwala azimatirira m'mbali.

Yankho 2: Za pakhomo yambani ndi utsi. Mbaula isalowe m'chipinda chogona ngakhale mu June kukuzizira bwanji, zinyalala musatenthe pafupi, osuta fodya akasutire kutali, ndipo koilo ya udzudzu ilekeni, gonani m'neti. Posesa wazani madzi, mwana ali panja. Mabulangete chapani ndi kuyanika padzuwa, khoma lochita nkhungu likonzeni, mphemvu nazo zimayambitsa. Ana amasiyana, ndiye lembani m'kope tsiku limene wabanika, kumene anali ndi zimene ankachita. Kopelo mupite nalo kuchipatala. Aspirin ndi Brufen amawabanikitsa ena, funsani kaye musanamupatse.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga akabanika usiku tichite bwanji?

Yankho 1: Mukhazikeni tsonga, musamugoneke. Poperani ya buluu kanayi kudzera m'botolo, kamodzikamodzi, ndipo mungathe kufika ka 10 ngati sizikusintha. Bwerezani pakatha mphindi 20 muli kale panjira ya kuchipatala. Akamalephera kumaliza chiganizo, pakati pa nthiti pakamalowa m'kati, milomo ikasintha mtundu kapena akafooka, musadikire kuti kuche.

Yankho 3: Pa uphungu, funsani za kiliniki ya NCD (ya matenda osapatsirana) pachipatala cha boma lanu, ndiko amatsata odwala mphumu. Mungaimbenso Chipatala Cha Pa Foni, kumene amapereka uphungu wa zaumoyo pafoni. Pa intaneti werengani za WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) kapena GINA (bungwe loona za mphumu padziko lonse). Wokulonjezani kuti mphumu itheratu ndi mankhwala amene akugulitsa, musamumvere. Komanso ngati mwanayo akuonda, akutentha thupi kapena akutuluka thukuta usiku, akamuyeze TB.