Agogo ayamba kuiwalaiwala ndipo ndalama zawo zikungosowa, nditani?

Wapajoni:
Abale ndithandizeni nzeru. Ine ndili ku Joni kuno, agogo anga ali kumudzi ku Ntcheu, zaka zawo zapitirira 80. Mwezi ndi mwezi ndimawatumizira kangachepe pa foni yawo koma chaka chino ayamba kuiwalaiwala, amatha kudya nsima kenako nkumadandaula kuti awamana, tsiku lina anawapeza pamsika akufunsa njira yakwawo. Nde PIN yawo amasunga ndi msuweni wanga amene amakhala nawo, ndikatumiza sabata siitha zatha, sopo palibe, shuga palibe. Agogo akati andibera aliyense amangoseka ati ndi ukalamba. Pano ndamva kuti mbuzi ziwiri zagulitsidwa ati anavomera okha. Ndiyambire pati popanda kuyambanitsa mtundu?

Nesi_wa_kumpoto:
Pepani achimwene. Zimenezo si ukalamba wamba ayi, zikufanana ndi dementia, matenda a muubongo, mtundu wake wofala ndi Alzheimer's. Apite nawo kuchipatala kaye chifukwa nthawi zina munthu wamkulu amasokonekera mutu kamba ka shuga, matenda a njira ya mkodzo olo mankhwala amene akumwa, izi zimathandizika. Dementia yeniyeniyo mankhwala ochiziratu kulibe.

Koma musafulumire kuloza chala, odwala otere amabisadi ndalama pansi pa mphasa kapena kumanga pansonga pa chitenje nkuiwala, mawa akuti aberedwa. Choipa chake wakuba weniweni amabisala pompo, poti amadziwa kuti palibe angawakhulupirire agogowo. Pezani munthu aone mameseji a mufonimo, amaonetsa tsiku ndi ndalama zomwe zatapidwa.

Mai_a_mapasa:
Ife ndi apongozi anga tinachita kusintha kachitidwe basi osakangana ndi munthu. Ndalama yaikulu timatumiza kwa mwini golosale iye amapereka katundu, mtsikana owasamala amalemba mukope chilichonse chagulidwa nkujambula kuponya pa gulupu ya WhatsApp ya banja, aliyense amaona. Koma muziwasiyirako ka 2 pin m'manja ka chopereka kutchalitchi ndi mandasi, mukawalanda zonse amakhumudwa ndiye amayamba kukana ndi chakudya chomwe. Komanso aja otumiza meseji ya "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" amawapeza mosavuta anthu otere, foni ya ndalama isamakhale ndi iwo okha.

Msuweniyo mumamupatsako yake? Kusamala munthu oiwala usana ndi usiku ndi ntchito yowawa aise, mwina akuzilipira yekha.

Mkulu_wa_pa_Boma:
Ine mantha anga ali pa munda. Lero mbuzi mawa awadinditsa chala papepala logulitsa malo. Uzani amalume anu ndi amfumu pano pano kuti agogo akudwala, chilichonse chogulitsa chizidutsa kwa anthu awiri atatu. Ndipo anthu apamudzi adziwe kuti ndi matenda, akadzawapeza usiku akuyendayenda osavala bwino adzati ndi mfiti, mukukumbuka ku Neno mu 2016 anapha nkhalamba zinayi pa nkhani zomwezi. Zikakanika kubanja pitani kupolisi ku Victim Support Unit kapena ku ofesi ya social welfare pa boma, a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za anthu achikulire, nawonso amatsata nkhani za okalamba.

Wapajoni:
Zikomo nonse. Zomupatsa yake msuweniyo sitinakambiranepo chiyambire, ndiwaimbira amalume madzulo ano. Anesi, kuchipatalako akafikire kwa ndani, pa health centre pompo angawaone kapena mpaka ku district?