Ndalama ya madesiki ija, ngongole ya ndani?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Kwatsala masabata atatu kuti tigawane ndalama za banki m'khonde yathu, ndiye ndimawerengera m'kaundula. Ambiri mwatsala ndi tochepa, koma nkhani ili pa bambo a Limbani. Anatenga K300,000 mu Ogasiti. Mu Sepitembala anapereka chiwongoladzanja K60,000. Okutobala ndi Novembala sanapereke kanthu. Pa lamulo lathu la K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ndalamayi yafika K432,000. Ndalemba pano kuti Loweruka pasadzakhale wodabwa.

Bambo a Limbani: A Mlembi, K432,000 mukuiika pamutu panga? Ndalama imeneyi sindinagulire feteleza kapena malata a nyumba yanga. Tonse tinalipo pansi pa mango paja. Ahedi atabwera kudzadandaula kuti ana a Fomu 3 akukhala pa masaka ndi pa njerwa, munati tithandize sukulu, bambo a Limbani aziphunzitsa ana ukalipentala Loweruka, madesiki akapangidwa komiti ya makolo idzagula. Munaomba m'manja. Ine ndinangokhala dzanja lolandira.

Nachisale: Kuomba m'manja si kusaina. Dzina la ndani lili m'buku?

Bambo a Limbani: Langa, chifukwa a Mlembi anati bokosi silitulutsa ndalama popanda dzina la munthu.

Nachisale: Eya, ndiye basi. Ine chaka chatha ndinalephera K40,000 mwana wanga ali m'chipatala. Munabwera anthu asanu pakhomo, munanyamula mapoto anga awiri ndi wailesi, apongozi akuona. Panalibe amene ananena zoti ndi chitukuko. Lero lamulo lafewa chifukwa wangongole ndi bambo?

Make Tadala: Amayi, zanu zija zinatipweteka tonse, musaganize kuti tinaiwala. Koma izi nzosiyana. Madesiki 20 alipo, pitani mukaone, mpaka pano kalasi ikununkha vanishi. Tadala wanga sankadziwa ngakhale kugwira nyundo. Mwezi watha wakhoma kampando ndi tizidutswa totsala, wagulitsa K8,000 pamsika, wagula sopo ndi makope yekha. Zala zonse zinali matuza koma amangoseka. Ana 14 amene amapita kumeneko ndi athu omwe.

Nachisale: Ndi anu. Wanga ali Sitandade 5. Ndipo tinene zoona, pa ana 14 amenewo awiri ndi a amayi a pampando.

Amayi a pampando: A Nachisale, ana anga musawalowetse m'bokosi. Analembetsa ngati ena onse. Koma mfundo yanu ndaimva. A Mlembi, tatumizani chithunzi cha tsamba la tsiku limene lija tione tokha.

Mlembi: Ndatumiza. Pepani pamene padontha mafuta ophikirapo, koma pakuwerengeka. Mzere woyamba: "Gulu lavomereza kuthandiza sukulu pa za ukalipentala." Mzere wachiwiri: "Bambo a Limbani, K300,000." Zoti ndi yopanda chiwongoladzanja sindinalembe chifukwa palibe anatchula. Zoti ndi ngongole yawo okha sindinalembenso.

Msungichuma: Ndiye vuto lagona pamenepa. Aliyense anachoka pa mango paja atamva zake. Ine funso langa ndi lina. Komiti ya makolo inalonjeza K25,000 desiki imodzi, kutanthauza K500,000. Ndinamva kuti anapereka kale ina. Ili kuti?

Bambo a Limbani: Anapereka K150,000. Pa imeneyo K60,000 ndi ija ndinabweretsa mu Sepitembala. K90,000 ndinagula mapuleni awiri, masowo awiri, matchizulo ndi sikweya. Ana 14 sangalimbirane puleni imodzi yanga, ndipo yangayo anaiswa kale chogwirira. Malisiti ndili nawo. Zipangizo zili m'kabati ku ofesi ya ahedi, osati kunyumba kwanga.

Msungichuma: Munafunsa ndani musanagule?

Bambo a Limbani: Palibe. Pamenepo ndavomera, ndinaphonya.

Msungichuma: Chabwino. Ndiye werengerani nane. Komiti yatsala ndi K350,000. Ngakhale ataipereka yonse mawa m'mawa, pa K432,000 patsalabe K82,000. Ndipo mukudziwa kuti makolo ambiri ndalama sakhala nayo mwezi uno, onse maso ali pa mbewu ndi feteleza.

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi. Ine masheya anga ndimatumiza pa Mukuru mwezi uliwonse osaphonya, ndiye ndiyankhuleko. Kuno ku Johannesburg amene ali ndi luso m'manja, wowotcherera, womanga, wa mapaipi, sagona ndi njala ngati ife tinabwera ndi satifiketi ya Fomu 4 yokha. Ine zaka ziwiri ndinkangosesa m'magalaja. Ana aphunzire, ndikugwirizana nazo. Koma ndalama yanga ya Khirisimasi isachepe ndisanafunsidwe. Pa mango panupo ine panalibe.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ndiloleni nditalikitse pang'ono. Choyamba, zimene achita bambo a Limbani si zachilendo. Pa mayeso a MSCE, a MANEB amafunsa Woodwork, Metalwork ndi Technical Drawing, koma maphunziro amenewa amapezeka m'sukulu zochepa zokhala ndi nyumba ya zipangizo ndi mphunzitsi wake. Ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera, ambiri ngati yathuyi alibe. Mwana amamaliza Fomu 4 asanagwirepo sowo, ndiye akamva zoti ku Namitete, ku Salima, ku Nasawa kapena ku Soche kuli makoleji a ntchito zamanja amaona ngati ndi kopita olephera. Chonsecho amene wakhomapo desiki amapita kumeneko akudziwa chimene akufuna.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene tinalakwitsa tonse, ine ndemwe. Ndalama ya banki m'khonde ndi yotentha. Inapangidwira wa mandasi ndi wa tomato, wogula lero kugulitsa mawa. K20 pa K100 mwezi uliwonse singadikire komiti ya makolo imene imatolera ndalama kamodzi pa teremu. Mwana wophunzira amalakwitsa kudula, thabwa la paini limawonongeka, ntchito ya masiku atatu imatenga masabata atatu. Kuphunzitsa luso n'kodula, n'chifukwa chake boma linakhazikitsa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, mu 1999 n'kulamula kuti olemba anthu ntchito azipereka ndalama molingana ndi malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro amenewa. Makoleji a m'madera aja anayamba mu 2015, monga ya Ngara ku Karonga, sanamangidwe ndi bokosi la anthu 25. Ife tinasenza mtolo wa boma ndi ndalama ya tomato. Walira mvula walira matope.

Nachisale: Aphunzitsi, zonsezo ndamva, mwalongosola bwino. Koma TEVETA sibwera Loweruka kudzadzaza bokosi.

Aphunzitsi opuma: Sibwera, mwana wanga. Ndikungoti tisamukhome munthu mmodzi pa chinthu chimene tinachiombera m'manja ambirife. Kalata yopempha thandizo la zipangizo ndilemba ndine, ahedi asaine. Kuyankha kapena kusayankha n'kwawo.

Make Tadala: Nanga thumba la mavuto? Muli K70,000 mmenemo.

Msungichuma: Ayi, limenelo musalikhudze. Ndi la maliro ndi matenda. Dzinja likubwerali, malungo ayamba. Desiki si maliro.

Nangondo: Ine ndakhala chete koma ndinene. Tsiku lija ndinafunsa kuti komiti ikachedwa kulipira titani. Munandiseka, ena munati ndine wotsutsa boma. Komanso bambo a Limbani asaoneke ngati sanapindule. Chiyambireni ntchito ya kusukulu, maoda a zitseko achuluka pakhomo pawo, anthu akuti kalipentala wophunzitsa ku sekondale.

Bambo a Limbani: Maoda awiri, alamu, zitseko ziwiri basi. Ndipo Loweruka 12 ndinatseka shedi yanga osalandira ngakhale tambala. Matabwa ndinanyamula pa njinga yanga kuchokera pa msika. Mukadziwa mtengo wa misomali ndi guluu chigwereni Kwacha mu Novembala 2023, simungati ndinadyapo.

Amayi a pampando: Tatiyeni tiphe nkhaniyi, mafoni akutha moto. Maganizo anga ndi awa, mukane kapena muvomere Loweruka. K300,000 ibwere yonse tisanagawane, imeneyo palibe kukambirana. Mawa ine, a Msungichuma ndi Aphunzitsi tipita kwa wapampando wa komiti ya makolo, atipatse tsiku lenileni, alembe ndi kusaina. Ndalamayo asapatsire bambo a Limbani, ibwere molunjika m'bokosi, osunga makiyi onse atatu akuona. Chiwongoladzanja chiime pa Okutobala, ikhale K360,000. K72,000 ya Novembala tiisiye, chifukwa mzere woyamba uja tinalembetsa ndife.

Msungichuma: Komiti ikapereka K350,000, K10,000 yotsalayo ndi ya bambo a Limbani. Ikapanda kupereka, tidula pa masheya awo, ali ndi K210,000. Avomere pano.

Bambo a Limbani: K10,000 ndipereka. Zodula masheya anga onse chifukwa cha kuchedwa kwa komiti, nkovuta. Mayi a Limbani akudikira imeneyo ya feteleza wobereketsa.

Nachisale: Inenso mapoto ndinkaphikira. Koma chabwino. K72,000 pa anthu 25 ndi pafupifupi K2,900 aliyense. Yanga ndikhululuka pokhapokha zinthu ziwiri zilembedwe. Zipangizo za K90,000 zija zilowe m'kaundula ngati katundu wa gulu amene tabwereketsa sukulu, ahedi asainire. Ndipo lamulo lolanda katundu tilionenso, wodwalitsa azipatsidwa mwezi wopumira. Osangonena pakamwa ayi, a Mlembi alembe ndikuona.

Achimwene a ku Joni: Yanga K2,900 ndasiya, koma ulendo wina muziimba foni. Ndipo atsikana m'gulu la anawo alipo angati?

Make Tadala: Atatu. Ena akuti akufuna zosoka.

Msungichuma: Makina osokera asatchulidwe n'komwe mpaka bokosi litadzaza.

Nangondo: Ine sindinavomere kalikonse. Ndidzanena Loweruka.

Mlembi: Ndalemba zonse. Loweruka 2 koloko pakhonde pa amayi a pampando, wochedwa K500 monga mwa masiku onse. Bambo a Limbani mubwere ndi malisiti. Osunga makiyi musatume ana.

Make Tadala: Bambo a Limbani, Tadala akuti desiki ya pakona kumbuyo yayamba kugwedera mwendo. Akuti anakhoma ndi anyamata, osati iye.