Zowonjezera pa funso la kuwawa kwa ntchafu mutamwa simvastatin

Munafunsa za bambo anu amene akumva kuwawa ntchafu zonse ziwiri ndipo akuvutika kudzuka pampando chiyambire kumwa simvastatin 40 mg, mankhwala ochepetsa mafuta (cholesterol) m'magazi. Tsopano mwatiuza kuti amamwanso amlodipine wa BP. Apa ndiye pagona nkhani. Amlodipine amachedwetsa chiwindi kuphwanya simvastatin, mankhwalawo amachuluka m'magazi n'kuyamba kuwononga minofu. Munthu womwa onse awiri asapitirire 20 mg ya simvastatin patsiku. Mankhwala opha mabakiteriya a clarithromycin ndi erythromycin komanso ma ARV okhala ndi ritonavir ndi oopsa kwambiri, sayenera kuphatikizidwa ndi simvastatin n'komwe.

Apite kwa dokotala akayezetse m'magazi CK (imakwera minofu ikamawonongeka), creatinine wa impso komanso TSH ya chithokomiro, popeza chithokomiro chofooka chimakulitsa vutoli. CK ikapitirira mlingo wake kakhumi, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, asiye simvastatin tsiku lomwelo n'kuthamangira kuchipatala. Amafunika madiripu kuti impso zisawonongeke. Ibuprofen ndi diclofenac asamwe, amapweteka impso zomwe zili kale pangozi.

CK ikakhala yokwera pang'ono, dokotala amaimitsa simvastatin kwa milungu 2 mpaka 4. Ululu ukatha, asangosiyiratu mankhwala ochepetsa mafuta, makamaka ngati anadwalapo sitiroko. M'malo mwa simvastatin angapatsidwe ena ochepetsa mafuta monga pravastatin kapena rosuvastatin 5 mg, nthawi zina modumphitsa tsiku, kapena ezetimibe 10 mg.

Kufooka kukapitirira miyezi ingapo atasiya, CK ili yokwerabe, n'kutheka kuti chitetezo cha thupi chayamba kulimbana ndi minofu. Izi n'zosowa, koma zimafuna katswiri ndi mankhwala ngati prednisolone.