Mwana wanga wa fomu 2 Chingerezi chikumuvuta ndipo JCE yayandikira, ndithandizeni

Mayi wa ku Chibavi:
Muli bwanji nonse. Mnyamata wanga ali fomu 2 pa sukulu ina yoyendera konkuno ku Mzuzu, chaka chino alemba JCE. Masamu ndi sayansi alibe nazo vuto koma Chingerezi ndiye mmm, mayeso a mock anapeza 38, pepala lake ndaliona ndekha ndi inki yofiira yokhayokha. Akuti chomuvuta kwambiri ndi gawo la sewero, buku ndi limodzi ana asanu ndiye amangokopera manotsi pa bolodi nkuloweza, funso akangolikhotetsa pang'ono basi wasowa. Galamala nayonso, amalemba "he" pomwe akunena mtsikana. Ine ndinalekezera sitandade 8 ndipo tsiku lonse ndimakhala kumsika, ya patitaimu ndilibe, kunyumba timayankhula Chitumbuka ndi Chichewa basi. Ndimuthandize bwanji masabata atsalawa? Tulo sindikuona nazo.

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Amama musataye mtima, 38 wa mock amakwera ndithu. Ndiyambe ndi sewero chifukwa ndi pomwe ana ambiri amataya malikisi aulere. Sewero analilemba kuti liziseweredwa, kuliwerenga chamumtima ngati manotsi a agriculture silingalowe. Abwereke bukulo ngakhale Loweruka lokha, aitane anzake awiri atatu agawane, uyu akhale bambo uyu mfumu uyu mwana, awerenge mokweza ataimirira. Timawu tija amalemba mopendekera tonena kuti munthu walowa, wakhala pansi, wayankhula mokalipa, ndi ma stage directions amenewo, ana amangowadumpha pomwe ndi amene amakuuza mtima wa munthuyo. Akamaliza scene iliyonse atseke buku ayankhe: wayankhula ndani, amauza ndani, zikuchitikira kuti, akukanganirana chani. Plot, setting, character, conflict ndi theme zonse zili mmenemo. Ndipo akalemba kuti munthu uyu ndi "greedy" asalekere pompo, anene chomwe anachita m'seweromo chosonyeza dyeralo, malikisi amakhala pa umboniwo.

Za "he" ndi "she" si umbuli ayi. Ife timangoti iye kaya ndi mwamuna kaya mkazi ndiye mutu wa mwana sunazolowere kusankha. Chimodzimodzi "borrow me your pen", akutembenuza ndibwereke cholembera, pomwe Chingerezi chimafuna "lend me", wopereka amachita lend wolandira amachita borrow. Enanso "discuss about", "about" uja safunika. Kuli l ndi r, "pray" ndi "play" kwa ife zimamveka chimodzi koma pa pepala ndi zinthu ziwiri. Nanga "a" ndi "the" zomwe mzilankhulo zathu mulibe. Atenge pepala la mock lomwelo, alembe zolakwa zake zonse mkope, muona kuti ndi zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zomwezomwezo zikungobwerera. Azilimbana ndi zimenezo kaye kenako tenses, question tags, reported speech ndi passive.

Wa fomu 4 ku Zolozolo:
Aphunzitsi anena zoona za sewerozo, ine Chingerezi chinanditseguka nditalowa drama club tikukonzekera mpikisano wa masewero a Chingerezi a m'sukulu wa ATEM, mawu ukawanena pa siteji anthu akukuyang'ana sungawaiwalenso. Za vocabulary mayi muuzeni asaloweze dikishonale, ine ndinayesa ndinathera pa chilembo A. Zomwe zinandithandiza ndi kakope kakang'ono ka mthumba, mawu asanu patsiku basi, koma liwu lililonse ndimalemba ndi chiganizo chomwe ndalipezamo kenako ndipange changa. Ma phrasal verbs ngati "put off", "call off", "look after" azilemba padera chifukwa amenewo sungawaganizire tanthauzo poyang'ana mawu ake. Nyuzipepala zakale za The Nation kapena Daily Times nzokwanira, ngakhale zija amakulungira zinthu kumsika. Komanso ku National Library mtauni muja apiteko Loweruka mmawa, malo amadzadza msanga nyengo ya mayeso.

Bambo wa ku Katawa:
Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono, nthawi yatha iyi za masewero zichedwetsa. Mupezereni mapasti pepa a MANEB azilemba tsiku ndi tsiku, ndipo pakhomo muletse Chitumbuka mpaka mayeso atathe. Wanga ndinatero.

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Mapasti pepa ndikugwirizana nanu adada, makamaka akamalemba wotchi ili pambali kuti azolowere nthawi. Kungoti JCE inaimitsidwa zaka zingapo nkudzabweranso mu 2021, ndiye asankhe a kuyambira chaka chimenecho, akale aja agwiritse pa galamala yokha chifukwa mabuku a literature amasintha. Ndipo pepala lopanda womuchongera mwana amangobwereza zolakwa zomwezo, azipititsa kwa aphunzitsi ake. Koma zoletsa chilankhulo pakhomo ayi, amamawa ayankhula naye chani? Mwana angokhala chete. Bola awafotokozere seweroli mu Chitumbuka kapena Chichewa chomwecho, akakakamira penapake ndiye kuti pamenepo sanamvetse, abwerere ku buku.

Mayi wa ku Chibavi:
Yewo chomene nonse. Dzulo tayesa, anabwera ndi anzake awiri ndi buku lobwereka, magetsi anali atazima ndiye anawerengera tochi ya pa foni titazungulira mbaula chifukwa kuzizira kwayamba. Poyamba amachita manyazi kumangoseka, koma atafika pomwe anthu akukangana mnyamata wanga anaimirira nkukalipa mu Chingerezi mpaka mlongo wake wamng'ono anadzidzimuka. Kenako ndinamufunsa kuti nanga mayi uja m'seweromo walira chifukwa chani, anandifotokozera bwinobwino kufika pakati nkuima, akuti apa mama sindinamve, anatsegulanso buku. Kope la zolakwa talemba kale, "he" ndi "she" zokha zapezeka kasanu ndi kawiri. Aphunzitsi funso lina, nanga composition ayambe liti kuyeserera, ndipo azilemba zingati pa sabata poti bukuli tibweza Lolemba?