Thandizo: aike bwanji matayala osakala ma sipoti rimu anga?

Wofunsa: Akuluakulu, moni nonse. Ndili ndi Toyota Mark X yochokera ku Japan, ili ndi ma sipoti rimu a mainchesi 18, matayala ake 235/45 R18. Akutsogolo atha ndipo ndagula kale atsopano awiri, koma ndikuchita mantha kukawaikitsa. Tayala lina litaphwa mwezi watha, womata matayala wa m'mbali mwa msewu kuno ku Lilongwe anagoneka rimu pamiyala nkhope yake pansi, anamenya ndi hamala, n'kutsegula ndi chidutswa cha sipuling'i. Mkombero wonse unakalika, penti inasupuka, ndipo mpaka lero tayalalo limatsika mpweya pang'onopang'ono. Zimandiwawa, chifukwa rimu imodzi yofanana ndi zinzake siyipezeka wamba. Kodi vuto ndi zipangizo kapena munthu? Ndikafika pa galaja ndiziyang'ana chiyani?

Woyendetsa taxi ku Blantyre: Bwana, matayala a 45 amenewo si omatitsa pamsewu. Khoma lake ndi lalifupi komanso lolimba, silipindika. Pitani pamene pali makina basi.

Womata matayala ku Mzuzu: Achimwene, ndakhalitsa pa ntchitoyi, ndipo ndikuuzeni kuti makina nawonso amakala rimu ngati wogwiritsa ntchito alibe chisamaliro. Chinsinsi chili pa ngalande ija ya mkati mwa rimu. Pamene mlomo wa tayala ukukwera mbali ino, mbali inayo uyenera kukanikizidwa kuti ukhale m'ngalandemo. Ukakhala mmenemo tayala limalowa lokha mosavutitsa. Ukangotulukamo tayala limakungika, munthu amayamba kulimbana nalo ndi liva, ndipo pamenepo ndi pamene rimu imavulala, nthawi zina mpaka waya wa mumlomo wa tayala latsopanolo kuduka. Mukaona munthu akutuluka thukuta poika tayala limodzi, muimitseni, pali chimene chalakwika.

Pa makinapo onani mutu uja umene umazungulira pamkombero. Ukhale wapulasitiki, kapena wachitsulo wokhala ndi kapulasitiki kake, ndipo usakhudze rimu, pazikhala kampata. Mano ogwira rimu akhale ovekedwa pulasitiki, agwire cha kunja. Akagwira mkati ndi mano achitsulo amasiya zipsera. Liva nayo ikhale ndi chovala chake. Ine chikasowa ndimang'amba paipi yothirira madzi m'litali n'kuveka pamkombero.

Wofunsa: Zikomo kwambiri achimwene. Nanga chotereretsa? Uja anapaka oilo wakuda wa mu injini.

Womata matayala ku Mzuzu: Ayi, oilo, girisi ndi buleki fuluwidi musalole. Zimawononga labala, ndipo oilo sauma, tayala limatha kumaterereka pa rimu mukaponda buleki. Pali phala lake loyera loikira matayala, likasowa madzi a sopo. Apake milomo yonse iwiri ya tayala ndi pamkombero pomwe.

Mayi wa ku Area 25: Achimwene, musachoke kukagula zina n'kusiya galimoto. Imani pomwepo, ndipo jambulani rimu iliyonse asanayambe, iwo akuona. Musaiwalenso za balansing'i. Pa sipoti rimu aziika timitovu tomata mkati, osati tija tokhomera ndi hamala pamkombero, chifukwa timaboola penti, madzi amalowa, aluminiyamu imayamba kuyera ndi kufufuma.

Makaniko wa ku Johannesburg: Kuwonjezera pa zimene anena madalawo. Mpweya wotsika pang'onopang'ono uja mwina ukudutsa pamene liva inakumba, pokhala mlomo wa tayala. Achotse tayala, asalaze ndi sandipepala wosalala, aone ngati palibe mng'alu. Rimu yachitsulo ikapindika amaiwongola ndi hamala, koma ya aluminiyamu ikamenyedwa imang'aluka, ndiye hamala isayandikire. Popopa kuti milomo ikhazikike asapitirire 40 psi. Ikakana, aphwetse, apakenso sopo, ayambirenso. Zija zothira petulo mkati n'kuyatsa moto kanani ndithu, anthu amavulala nazo. Ngati ma valavu anu ali ndi ma sensa a mpweya, auzeni asanayambe kuti asakanikize pafupi ndi valavu.

Woyendetsa taxi ku Blantyre: Komatu petuloyo amatithandiza tikakhala kutali, kompulesa ikakhala yaying'ono.

Makaniko wa ku Johannesburg: Bwana, kutali kumeneko ikani sipeya mufike mutauni. Tayala likaphulika munthu ataweramirapo, palibe chobweza. Chinanso kwa wofunsa: manati a Toyota a sipoti rimu ali ndi wachala, ndi osiyana ndi osongoka a rimu yachitsulo, asawasakanize. Ayambe kumanga ndi manja modumphitsa, amalize ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 103 Nm, osati kupondapo ndi mwendo. Soketi ikhale yopyapyala kuti isakale mabowo.

Wofunsa: Mwandithandiza kwambiri nonse. Ndipita Loweruka m'mawa kusanadzaze anthu. Pa matayala atsopanowa ndaona kadontho kachikasu komanso muvi wolembedwa Rotation, zimenezi zili ndi ntchito?

Womata matayala ku Mzuzu: Zili nayo. Kadontho kachikasu ndi pamene tayala lili lopepuka, kayang'anizane ndi valavu, timitovu tidzalowa tochepa. Muviwo uloze kumene tayala limazungulira galimoto ikamapita kutsogolo, ndiye lakumanja ndi lakumanzere saikidwa mofanana. Onani asanapope, chifukwa akalakwitsa adzachotsanso, ndipo rimu idzakumana ndi liva kawiri.