Kodi kulapa m'pemphero mokha n'kokwanira?

Funso: Abale, munthu akaba mbuzi ya mnzake kenako n'kulapa m'pemphero, zathera pomwepo, kapena apitenso kwa mwini mbuzi?

Yankho: Mulungu amakhululukira wovomereza tchimo lake (1 Yohane 1:9). Koma ngati mbuziyo ikadali m'khola mwake, kulapako n'kwapakamwa chabe. Aibweze. Ngati anaidya kapena kuigulitsa, alipire mtengo wake. Paja Zakeyu analonjeza kubweza kanayi (Luka 19:8).

Yankho: Zoona, achimwene. Mateyu 5:23-24 akuti siya mtulo wako kuguwa, ukayambe wayanjana ndi m'bale wako. Apite yekha, atchule chimene anaba, osadzilungamitsa. Ambiri amaphonya potumiza kauthenga pa WhatsApp, wolakwiridwayo n'kuona ngati chipongwe.

Yankho: Mwiniyo akakana kukhululuka, apemphe mkulu wa mpingo amuperekeze kachiwiri. Akakanabe, iye wachita mbali yake (Aroma 12:18).