Zimene timaphunzira pa masewera akuluakulu zimathera kuti?

Mlongo wa ku Area 25:
Abale, mu Disembala 2022 ndinali m'gulu la odzipereka pa masewera a achinyamata a Region 5 ku Lilongwe, a mayiko 10 a kumwera kwa Africa. Ine ndinkalondolera osewera pa bwalo la masewera la Griffin Saenda. Poyamba tinkangofunsana, koma pofika kumapeto tinkadziwa zambiri: khomo loyenera timu iliyonse, woti timuimbire basi ikachedwa, ngakhale timawu ta Chipwitikizi tothandizira ana a ku Angola ndi Mozambique. Masewera atatha, gulu lathu la WhatsApp linangoti zii, ena anasintha manambala. Pano kalabu yathu ikukonza mpikisano wa netibolo, ndipo achinyamata atsopano akuyambira pomwe ife tinayambira. Zimandiwawa. Inu anzathu mumasunga bwanji nzeru zoterezi?

Achimwene a ku Birmingham:
Achemwali, ine ndinadziperekako pa Commonwealth Games kuno mu 2022, tinalipo pafupifupi 14,000. Chimene chinandigwira mtima ndi kope la mtsogoleri wa gulu. Poweruka aliyense ankanena chimene chavuta, iye n'kulemba, ndipo olowa m'mawa ankayamba amva zimenezo asanapite pamalo awo. A Olympic anaikhazikitsa ntchitoyi kuyambira pa masewera a Sydney mu 2000: mzinda umene udzalandire masewera otsatira umatumiza anthu kukaonerera mmene anzawo akugwirira ntchito, kenako amakhala pansi n'kuuzana zonse. Gulani kope lachikuto cholimba, muyambe nalo tsiku loyamba lomwe.

Bambo wa ku Ndirande:
Kope ndi labwino, koma ndaona makope ambiri akudyedwa ndi chiswe m'makabati. Mwana wanga, zina sizilembeka. Kuona kuti khamu layamba kukankhana pachipata, munthu amaphunzira ataima pambali pa wina amene anazionapo. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anamwalira pa chipwirikiti cha pa Bingu National Stadium. Kuyambira pamenepo nkhani ya zipata sindiitenga mopepuka. Pachipata chilichonse ikani wakale mmodzi ndi atsopano awiri, ndipo wakaleyo azifotokoza chifukwa chake, osangolamula. Anzanu a 2022 aja asakeni mmodzimmodzi, muwapemphe Loweruka limodzi lokha. Ambiri savuta, amangofuna kuitanidwa mwaulemu ndi kabotolo ka fanta.

Mayi wa ku Zomba:
Ndionjezeko pang'ono. Ena sakonda kulemba, ndiye auzeni atumize voice note ya mphindi ziwiri usiku womwewo, zinthu zisanaiwalike. Asungi akhale awiri, chifukwa foni imabedwa. Ndipo musaiwale amayi ophika ndi madalaivala, iwowo ndi amene amadziwa nthawi yeniyeni imene timu imafika ndi imene chakudya chimatha.

Mlongo wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Manambala a anzanga ena ndawapeza kale. Bambo a ku Ndirande, pa bwalo la zipata ziwiri zokha, mumatsegula nthawi yanji masewera akamayamba 9 koloko?